Zikho za a Gafa ndi Minibasi Yanga

Thokozani ndi Mphatso, ana anga, mutu uno ndaulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti muwerenga mokakamira, mwinanso muchita kuimbira foni azakhali anu kuti akumasulireni mawu ena. Pirirani. Chingerezi changa ndi cha kuntchito, chimatha kuvomera bwana ndi kufunsa njira, koma zimene ndikufuna kunenazi sichingazinyamule. Za zaka zimene ndinkayendetsa malole a fodya kwathu ndinalemba kale. Apa ndikulemba za ntchito yanga yomaliza, ija munkandinyadira nayo kwa anzanu, yoyendetsa timu ya mpira ya pa koleji ina kuno ku West Midlands. Dzina la kolejiyo sindilemba, mumalidziwa.

Chaka choyamba

Ntchitoyi ndinaipeza patangotha miyezi isanu ndi itatu amayi anu atatisiya. Thokozani unali kale ku yunivesite, Mphatso unali kulongedza zikwama. Ndinali nditatopa ndi fakitale ya masangweji, kumene munthu amaima tsiku lonse m'chipinda chozizira ngati mochare, ndiye nditaona kuti pa koleji akufuna dalaivala ndinathamangira. Amene anandifunsa mafunso anali mayi Dawn, mkulu wa zamasewera, mayi wosekerera nthawi zonse ngakhale pokana. Anayang'ana laisensi yanga, ine ndikuwauza monyada kuti zaka makumi atatu ndili pa chiwongolero sindinagundepo ngakhale nkhuku. Ataseka ananditengera kubwalo kuti ndikaonane ndi kochi.

Dzina lake lili m'mapepala. Ine ndizimutchula momwe anyamata ankamutchulira, a Gafa, kutanthauza bwana. Anali munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, wovala kabudula ngakhale kunja kuli chisanu choti madzi auma m'mipope. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Umaudziwa mpira, Enock?"

"Ndimadziwa msewu, bwana."

"Ndiye tigwirizana. Iwe za msewu, ine za anyamata."

Mawu amenewo anandisangalatsa. Ndinaona kuti ndapeza bwana wodziwa kugawa ntchito.

Masewera a makoleji amachitika Lachitatu masana. Tinkanyamuka cha m'ma leveni, anyamata khumi ndi asanu a zaka zapakati pa sikisitini ndi naintini, mipira m'thumba, fungo la mafuta opaka m'miyendo thoo m'minibasi monse. Asanakwere, a Gafa ankayendetsa chikwama chakuda kuti aliyense aponyemo foni, ndipo ankabweza tikafika pa koleji madzulo. Ankati foni imadya maganizo a wosewera.

Lachitatu lachinayi tinagonja. Pobwerera munali zii, ngakhale wotsokomola. Kutatsala mamailosi atatu kuti tifike, a Gafa anandigwira phewa.

"Enock, ima apo."

Anali kamalo kaja ka m'mbali mwa msewu koimapo malole. Ndinaima, ndikuganiza kuti wina akufuna kutaya madzi. A Gafa anatembenuka nkuloza mnyamata wina wotchinga kumbuyo dzina lake Callum, amene anachititsa penate.

"Sunathamange m'bwalo, uthamanga pamsewu. Tsika."

Mwanayo anatsika ndi jezi yake yamatope, opanda jekete, opanda foni. Batani lotsekera chitseko linali kudzanja langa lamanja. Ndinalidina, tinapita.

Ndikuuzeni zoona, ana anga, sindinadabwe. Ndinachita kugwedeza mutu movomereza. Ife ku pulaimale ku Mitundu tinkakumba dzenje lofika m'khosi chifukwa chochedwa, tinkazula zitsa, tinkakwapulidwa m'manja mpaka kulephera kugwira pensulo, ndipo ndinkati si ife tinakula bwinobwino? Ana a kuno ndinkawaona ngati olekereredwa, oyankha makolo awo ngati anzawo. Mumtima ndinati, eya, nayu mzungu mmodzi amene akudziwa kulera.

Chaka chachiwiri mpaka chakhumi

Timu ija inayamba kuluma. Tinatenga ligi, chaka china chikho, chaka china zonse ziwiri. Pakhomo lolowera pa koleji anaikapo kabati yagalasi, ndipo makolo obwera kudzaona sukulu ankayamba aima pamenepo asanaone laibulale. Ana ankachokera kutali, ku Walsall, ku Dudley, kufuna kuphunzira pathu chifukwa cha mpira. Akuluakulu a koleji akakumana ndi a Gafa m'khonde ankawapatsa njira ngati ambulansi.

Ine ndinali ndi chifukwa changa chokondera kupambana, ndipo n'chochititsa manyazi. Inu mutachoka, kafulati ka ku Kings Heath kanakhala chete moti ndinkamva furiji ikupuma. Loweruka ndinkayenda msewu wa mashopu uja kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, kulowa m'mashopu a zovala zakale osagula kanthu, kungofuna kuti wina anene kuti zikomo pobwera. Koma Lachitatu tikapambana, abale inu, minibasi inkagwedezeka! Anyamata ankamenya denga, kuimba nyimbo zawo zopanda mutu, ndipo pomaliza ankaimba dzina langa, "Enock! Enock!" mpaka ndilize hutala. Sabata yonse panalibe wina wonditchula dzina mokweza chotero. Pa chikho chachiwiri anandiveka mendulo ngati ndamwetsa chigoli. Ndinapita nayo kutchalitchi m'thumba la jekete.

Tikagonja ndiye kutsitsana. Malo anali anayi, malinga ndi msewu umene tadzera, ndipo mumtima ndinkawatcha masiteji anga. Poyamba anali mamailosi atatu, kenako asanu, kenako kuposa apo, chifukwa a Gafa ankati anyamata azolowera. Panalinso zina zimene ndinkaona pagalasi loonera kumbuyo: kumenya mwana mbama kumbuyo kwa mutu, kumuthira botolo la madzi kumaso, kumuuza aimirire auze anzake kuti iye ndi zinyalala. Ndinkakweza wailesi. Anyamata akalewo anapeza nzeru yawo, ankabisa khadi la basi m'sokosi pansi pa chotetezera msongolo, ndipo akatsitsidwa ankadikira tizimiririke nkukakwera basi. Ndinkadziwa, ndipo zinkandikhazika mtima pansi. Ndinkati, onani, palibe akufa.

Palibe anadandaula? Analipo mayi mmodzi, chaka chachisanu. Mayi Dawn anamupatsa tiyi, namuonetsa kabati ija, namuuza kuti mpira wa pamwamba si wa mwana aliyense. Mwana wake anachoka, ife tinapitiriza kupambana.

Chaka chakhumi ndi chimodzi

Amalawi timakumana Lamlungu masana mu holo ina ku Selly Oak. Zaka zimenezi kunabwera anthu atsopano ambiri, a ntchito yosamalira okalamba, ndipo ife akale tinasanduka makolo a aliyense. Pakati pawo panali aNabanda, a ku Ndirande, mayi wamasiye, amene ankakhala m'chipinda chimodzi ku Small Heath ndi mwana wawo Yamikani. Mnyamatayo anali ndi zaka sikisitini, wamtali ngati mlongoti, wamanyazi, manja ake aakulu ngati mafosholo. Tsiku lina titamaliza mapemphero aNabanda anandipeza ndikupinda mipando.

"Bambo Nkhoma, ndithandizeni maganizo. Ine mashifiti anga ndi a maola thwelofu. Mwanayu amangokhala yekha m'nyumba, ndikuopa angatengeke ndi magulu a pamsewu. Kwathu anali goloboyi."

"Goloboyi? Mayi, mwafika. Bwerani naye ku koleji kwathu. Kuli kochi wamwambo, ngati aphunzitsi akale aja. Akamuwongola."

"Koma akakhala bwino?"

"Ine si ndili komweko? Ali m'manja mwanga."

Ndinanena choncho ine, pakamwa panga, nditanyamula mpando m'manja.

Yamikani analowa timu mwezi woyamba womwe. Ankakhala mpando wa kumbuyo kwanga, ndipo ankandinong'oneza m'Chichewa zimene sakanatha kufunsa anzake. "Ankolo, akati lads ndiye kuti chiyani?" "Ankolo, dzuwa la kuno limagwira ntchito maola angati?" Ndinkaseka mpaka misozi. Kwa zaka khumi ndinali ndisanalankhulepo Chichewa pa ntchito. Za khadi la m'sokosi sindinamuuze. Kumuuza kukanakhala kuvomereza kuti ndikudziwa chimene chimachitika, ndiye ndinangoti anzake amuuza. Sanamuuze.

Mu Januwale tinapita mbali ya ku Shropshire. Kunali mvula yosakanikirana ndi matalala, ija imalasa kumaso. Kutatsala mphindi zochepa kuti masewera athe, mpira wofewa, woti ngakhale ine ndikanaugwira, unamupulumuka Yamikani pakati pa miyendo. Tinagonja ziwiri kwa chimodzi.

Pobwerera minibasi inaima pa siteji ya kutali kwambiri mwa onse anayi, pakati pa minda, mamailosi asanu ndi anayi kuchokera pa koleji. Nthawi inali itangokwana folo koma kunja kunali kutayamba kale kuda. A Gafa anati, "Yami, tsika." Mwanayo anaimirira, magolovesi akadali m'manja. Atafika pachitseko anandiyang'ana.

"Ankolo, njira yake ndi iti?"

"Ungowongoka," ndinatero, maso ali kutsogolo.

Patsogolo pake panali raundabauti ya misewu isanu. Ine wodziwa msewu ndinamuuza mwana amene anali atangokhala miyezi isanu m'dziko lino kuti angowongoka. Anatenga msewu wolakwika. Amene anamupeza ndi mayi wina woyendetsa agalu, atakhala pansi pa geti la munda, akunjenjemera, osatha kutchula dzina lake. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi atatu ndi chibayo.

Tsiku lotsatira masewerawo mayi Dawn anandiitana. Pa tebulo panali pepala lolembedwa kale, lonena kuti mnyamatayo anapsa mtima, anaumirira kutsika, ndipo dalaivala anaima poopa ngozi. A Gafa anali atasaina. Anyamata atatu anali atasaina.

"Ndi mmene zinakhalira, eti Enock?" anatero akusekerera. "Tili ndi semifainolo mwezi wa mawa. Tisawasokoneze ana."

Ndinawerenga kawiri, ngati kuwerengako kusintha mawu. Kenako ndinasaina.

Kuchipatala ndinapita ndi malalanje. ANabanda anandikokera m'khonde, ali ndi yunifolomu ya kuntchito, maso ali psuu.

"Bambo Nkhoma, a kukoleji akuti anatsika yekha. Iye akuti anamutsitsa. Ine sindingalimbane nawo, viza yanga mukuidziwa, ndipo ndikuopa anganene kuti sindisamala mwana andilande. Inu munalipo. Akunama mwanayu?"

"Mayi, ana akapsa mtima amaiwala zina."

ANabanda analowa m'chipinda cha odwala muja, ndipo ndinamva akumukalipira mwana wodwalayo kuti wawachititsa manyazi pamaso pa akuluakulu. Ine ndinaima panja ndi malalanje anga. Yamikani sanabwererenso ku timu, ndipo kutchalitchi anasiya kubwera.

Mu Meyi tinatenga chikho. Anaimba dzina langa, ndinaliza hutala.

Chaka chomaliza

Amene anatsegula nkhani anali Callum uja, woyamba kumutsitsa ine ndikuona. Tsopano anali bambo wa ana awiri, pulambala. Analembera akuluakulu oyang'anira koleji, ena akale anamutsatira, mpaka kunabwera mayi wofufuza wochokera kunja. Koma a koleji anali ndi poima. Ankati za kalezo ndi nkhani za anthu okhumudwa amene mpira unawakana, ndipo pa nkhani ya Yamikani, imene inali ndi umboni wa chipatala, panali pepala la dalaivala. Munthu wamkulu, wopemphera, wa mtundu wake womwe, akuti mwanayo anatsika yekha. Bodza langa ndi limene linatseka pakamwa ana onsewo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndikaonane ndi wofufuzayo, a Gafa anandipeza ndikutsuka minibasi.

"Enock, ndamva akuitana."

"Eya, bwana."

"Ukumbukire kuti ine sindinagwirepo chiwongolero. Ukandigwetsa, ugwa nane. Ndiponso ganizira anyamata, zikho zonse zija anakhetsera thukuta. Ukufuna uwalande?"

Ndinapitiriza kupukuta galasi limene linali loyera kale. Ndinalibe woti ndimufunse nzeru. Amayi anu akanakhalapo akanangondiyang'ana kamodzi nkhani nkutha. Ndinatenga foni kuti ndikuimbire Thokozani, ndinaibweza m'thumba, chifukwa ndikanayambira pati? Abusa sindikanawauza, aNabanda amaimba kwaya yawo. Ndinakhala pa mpando wa dalaivala mpaka mlonda anabwera kudzatseka geti.

Kutacha ndinauza wofufuzayo kuti pepala lija ndi labodza ndipo ndinasaina ndikudziwa. Anavula magalasi, nandifunsa ngati ndikumvetsa chimene zimenezi zitanthauze kwa ine. Ndinati ndikumvetsa. Kenako ndinamukweza m'galimoto yanga nkumuonetsa masiteji onse anayi. Pa aliyense ndinkatchula mayina a ana amene ndinawasiya pamenepo, iye akulemba. Ndinadabwa kuti ndinkawakumbukira onse, ndi nyengo yake, ndi zigoli za tsikulo.

A Gafa anachotsedwa ndipo analetsedwa kuphunzitsanso ana. Mayi Dawn anatula pansi udindo. Ine anandiimitsa, kenako anandilola kupuma ntchito mwakachetechete. Panalibe keke, panalibe khadi, makiyi ndinasiya kwa mlonda.

Zikho anazichotsa m'kabati muja, ndipo pamenepo ndi pamene panabuka mkangano waukulu kuposa wa ana otsitsidwa. Ena ankati zibwezedwe, ena ankati zitayidwe. Tsiku lina pa msewu wa mashopu ku Kings Heath anandiimitsa mnyamata wina amene anali kaputeni, akukankha mwana m'kangolo.

"Enock, zigoli zija tinamwetsa ndife, osati a Gafa. Ndinasewera fainolo ndi chala chothyoka. Tsopano mwana wanga ndidzamuonetsa chiyani?"

Sankanama. Anapambanadi, ndinaona ndi maso anga. Koma ndikudziwanso kuti tikanakhala timu yogonja, a Gafa sakanatha ngakhale chaka chimodzi. Kholo loyamba kudandaula likanamvedwa. Zikho zija ndi zimene zinatigula tonse, aliyense pa mtengo wake, ndipo ine ndinali wotchipa kuposa onse. Anandigula ndi nyimbo.

Nditapuma

Panatenga miyezi inayi kuti ndilimbe mtima kupita ku Small Heath. Kutchalitchi aNabanda ankandipatsa moni wa pakamwa pokha, dzanja ayi, ndipo mipando ya pafupi nane inayamba kumakhala yopanda anthu. Ndinapita Loweruka masana, nditavala jekete ya suti. Anandilandira, anandipatsa mpando wokhawo umene unali m'chipindamo, iwo anakhala pa bedi. Yamikani anaima chotsamira chitseko. Anali atayamba kuphunzira zamagetsi kwina, ndipo ndevu zinali zitamera.

Ndinapepesa. Ndinati ndinanama, ndinamusandutsa mwana wabodza pamaso pa mayi ake, ndipo palibe chimene ndingachite kuti ndibweze. ANabanda analira, osati chifukwa cha ine, koma anatembenukira kwa mwana wawo nkumugwira mkono. Ndikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma pakamwa pa munthu wofuna kudziyeretsa sipatseka msanga.

"Mwana wanga, undimvetse. Ine ndinali wantchito. Bwana akati ima, ndimaima."

Yamikani anandiyang'ana, osakwiya, ngati akuyeza waya.

"Ankolo, tsiku limene lija a Gafa sananene kuti muime."

"Ananena."

"Ayi. Ine ndinali kumbuyo kwanu. Iwo anali atatsamira zenera, maso otseka, mutu ukuwapweteka. Anzanga ankanong'onezana kuti lero tapulumuka. Kenako ndinamva indiketa, thi, thi, thi. Munakhota nokha. Iwo anadzidzimuka, anayang'ana panja, anaona kuti taima. Ndi pamene anatembenuka kufuna woti atsike."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, koma ndinali nditakumbuka kale. Phazi langa likuchoka pa mafuta, dzanja likupita pa indiketa. Tagonja, nayi siteji, ndiye tiima. Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitandiphunzitsa bwino moti bwana sanafunikenso kulankhula.

Sindikudziwa kuti ndinatsanzika bwanji. Ndinakwera basi yolakwika, ine, mpaka ndinakazindikira ndili m'tauni.

Wofufuza uja sanandifunse zimenezi, ndipo m'lipoti lake mulibe. M'menemo analemba kuti dalaivala anasonyeza kulimba mtima, ndipo Mphatso unandiwerengera mawu amenewo pa foni, mawu ako akunjenjemera ndi kunyada, ine ndili chete. Ndakhala chete chaka chathunthu. Tsopano mukudziwa, ana anga. Tsiku limene lija palibe anandiuza kuti ndiime.